Kuchokera pa Mphala Kukafika ku Chichiri: Mabwalo a Milandu m'Mbiri ya Gombe la Nkhata Bay

Khoti lalikulu la dziko lino lili ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre. Kumeneko ndiko kuli likulu la High Court, ndikonso kumakhala Supreme Court of Appeal, bwalo lomaliza limene mlandu ukalowamo sukhalanso ndi kwina kopita. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu anapeza nyumba yawo yatsopano komweko mu 2010, koma likulu la makhoti linatsalira ku Blantyre, ndipo zomanga nyumba yaikulu ya makhoti ku Lilongwe zakhala zikukambidwa kwa zaka zambiri. Kwa msodzi wa usipa ku Usisya kapena mayi wolima chinangwa ku Kande, Chichiri ndi dzina longomva pa wailesi. Komabe wofuna kudziwa mmene makhoti a Malawi anafikira pamene alipa ayende m'mbali mwa nyanja ku Nkhata Bay. Gombe limeneli laona mtundu uliwonse wa bwalo la milandu umene dziko lino lakhala nawo, ndipo ndi kwawo kwa loya woyamba wa dziko lino, amene anadzagamulidwa kuti aphedwe m'khoti loletsa maloya.

Bwalo lopanda khoma

Atonga a m'mbali mwa nyanja sanakhale ndi mfumu imodzi yolamulira mtundu wonse monga M'mbelwa kwa Angoni kapena Kyungu kwa Ankhonde. Mphamvu zinali m'manja mwa eni midzi ndi akuluakulu a mabanja. Ngakhale m'zaka za m'ma 1870, pamene nkhondo ya Angoni inaunjika anthu m'malinga akuluakulu a atsogoleri monga Mankhambira ku Chintheche ndi Marenga ku Bandawe, palibe mmodzi amene anasanduka mfumu ya onse. Jaap van Velsen, katswiri wa za chikhalidwe amene anakhala pakati pa Atonga m'zaka za m'ma 1950 nalemba buku la The Politics of Kinship, anaonetsa kuti kumeneko mtsogoleri ankaima chifukwa cha abale omutsatira ndiponso luso lake lokopa anthu pakamwa.

Kumene kulibe wolamula onse, milandu imatha pokambirana. Anthu ankasonkhana pa mphala kapena pamthunzi wa mtengo waukulu, mkuyu kapena kachere. Panalibe khoma, chitseko, ngakhale denga. Mfumu inkakhala pa mpando waufupi, nduna zake m'mbali, amuna uku, amayi pamphasa uko, eni mlandu pakati. Wochokera kunyanja ndi nkhafi paphewa ankatha kuima n'kumvetsera, ndipo ngati anali ndi chimene akudziwa, ankapempha malo nanena. Munthu sankabwera yekha pa mlandu. Atsibweni ake ankabwera, ankhoswe ankabwera, popeza cholakwa cha mmodzi chinali mtolo wa banja lonse. Wodandaula ankayala nkhani kuyambira kumene inayambira, ngakhale kukhale kwa agogo ake, winayo nayankha, nduna n'kumafunsa mafunso okhotakhota mpaka bodza litopa. Mfumu inkalankhula pomaliza, itamva kale kumene mtima wa bwalo wapendekera. Chigamulo kawirikawiri chinali chipepeso: nkhuku, mbuzi, khasu kapena nsalu. Ndende kunalibe, ndipo cholinga chinali chakuti anthu olakwiranawo mawa akakokere limodzi khoka kugombe. Buku lolembamo zigamulo linali mitu ya anthu amene anakhalapo, n'chifukwa chake akale ankati mlandu suwola.

Bwalo limeneli linali ndi zilema zake, ndipo sitiyenera kuzibisa. Umboni ukasowa, makamaka pa nkhani za ufiti, ankamwetsa mwavi, ndipo anthu osalakwa anafa nawo. M'masiku a ukapolo munthu ankatha kuperekedwa ngati malipiro a mlandu wa mbale wake. Wa abale ambiri ankamveka kuposa mlendo kapena mwana wamasiye, ndipo mayi nthawi zambiri ankalankhuliridwa ndi amuna a kwawo. Koma zinthu zitatu zinalipo: mlandu unkamvedwa pafupi ndi kwawo kwa eni ake, m'chilankhulo chawo, anthu onse akuona.

Amishoni ndi boma la ku Chintheche

Amishoni a Livingstonia anasamukira ku Bandawe kuchokera ku Cape Maclear mu 1881. Chaka chimodzi m'mbuyomo, mbiri yoipa inali itawanda ku Britain yakuti amishoni a ku Blantyre anadzisandutsa oweruza, nakwapula anthu mwankhanza mpaka kupha. Chifukwa cha manyazi amenewo, Dr Robert Laws ndi anzake ku Bandawe anapewa kudzipatsa ufumu pa Atonga, ndipo milandu ya m'midzi inakhalabe m'manja mwa eni midzi. Chimene amishoni anabweretsa chinali sukulu. Ana a m'mbali mwa nyanja anaphunzira kulemba ndi kuwerenga msanga kuposa a madera ambiri a dziko lino, ndipo luso lawo lakale lotsutsana pabwalo linapeza chida chatsopano, cholembera.

Mu Disembala 1882, kutali ku London, Mfumukazi Victoria anatsegula Royal Courts of Justice, nyumba yamiyala imene anajambula George Edmund Street. Ili ndi nsanja, makomo osongoka pamwamba, holo yaitali yofanana ndi ya tchalitchi chachikulu, ndi zipinda zoposa 1,000. Mamangidwe ake amauza wolowamo kuti lamulo ndi lalikulu ndipo iye ndi wamng'ono. Maganizo amenewa anawoloka nyanja pamodzi ndi atsamunda. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, lamulo la 1902 linakhazikitsa High Court yoyendera malamulo a ku England, ndipo kakhalidwe ka m'khoti la ku London, kochepetsedwa, kanafika pa boma lililonse: woweruza pamalo okwera, kalaliki pansi pake, woimbidwa mlandu m'kabokosi kake, mboni m'kabokosi kena, anthu kumbuyo pa mabenchi ali chete.

Kwa zaka makumi angapo, boma la chigawo chimene atsamunda ankachitcha West Nyasa linali ku Chintheche, lisanasamukire ku Nkhata Bay. Maboma a nthawi imeneyo ankamangidwa mofanana: njerwa zootcha, denga la malata, khonde lalikulu, mbendera pabwalo, chitokosi chapafupi. Mzungu wa pa boma ndiye ankatolera msonkho wa nyumba, ndiye ankalamula asilikali a polisi, ndiyenso ankaweruza. Wolephera msonkho ankaima pamaso pa munthu yemweyo amene ankafuna msonkhowo, nalankhula kudzera mwa womasulira. Zabwino zina zinabwera nthawi yomweyi, monga lamulo la 1911 loletsa mwavi, ndiponso mwambo wolemba mlandu m'buku kuti wina adzathe kuuonanso. Koma pamene mphamvu ya boma inaopsezedwa, khoti linkalambalalidwa. Elliot Kamwana, Mtonga wophunzira ku Bandawe ndi ku Livingstonia, atabwerera kwawo mu 1908 ndi uthenga wa Watch Tower nabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yochepa, boma linamuchotsa m'dera lake mu 1909 popanda kumuzenga mlandu pabwalo. Anakafika mpaka ku zilumba za Mauritius ndi Seychelles, ndipo anabwerera kwawo mu 1937.

Makhoti a mafumu

Mu 1933 atsamunda anavomereza mwalamulo makhoti a mafumu, nawapatsa mphamvu yoweruza milandu ya maukwati, ngongole, malire a minda ndi zolakwa zazing'ono. Kwina kunali kosavuta kuloza mfumu yaikulu n'kuipatsa khoti. Kwa Atonga zinavuta, popeza aliyense wolozedwa ankapeza omutsutsa okhala ndi mbiri yawo ya ufumu. Boma linayesa njira imene sinali yofala, yoika ulamuliro m'manja mwa bungwe la mafumu ambiri lotchedwa Atonga Tribal Council. Bungweli linatha chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, dera n'kugawidwa pakati pa mafumu angapo. Lero maina monga Fukamapiri ku Kande, Malanda ndi Malenga Mzoma cha ku Chintheche, Timbiri ku Mpamba ndi M'bwana ku Usisya ndiwo amadziwika pa maufumu a m'boma la Nkhata Bay.

Nyumba zambiri za makhoti a mafumu zinali pakati pa mtengo ndi boma. Zinali ndi denga ndi nsanamira, khoma lofika m'chiuno, m'mbali muli potseguka kuti osowa malo m'kati amvetsere ali panja. Kutsogolo kunali pamalo okwera pang'ono, tebulo la kalaliki, buku la milandu ndi la malisiti a chindapusa, mesenjala ataima pakhomo. Chitonga chinkamveka m'menemo, koma pamwamba pa mfumu panali DC, mzungu wa pa boma uja, wokhala ndi mphamvu yosintha chigamulo. Makwerero a apilo ankakwera kuchoka pamenepo kupita ku High Court, m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963 ankafika ku Salisbury, ndipo mapeto ake anali ku Privy Council ku London. Munthu wamba sakanaona n'komwe nsonga ya makwerero amenewo.

Tsiku la 3 Malichi 1959

Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, atsogoleri a Nyasaland African Congress anagwidwa m'bandakucha m'dziko lonse kuti asungidwe popanda kuzengedwa mlandu. Ku Nkhata Bay ogwidwawo anakwezedwa m'sitima ya Mpasa imene inakocheza padoko. Abale awo anakhamukira kumeneko kufuna kuti amasulidwe, ndipo asilikali anaombera khamulo. Komiti yofufuza imene anaitsogolera jaji wa ku England, Patrick Devlin, inawerenga anthu 20 ophedwa pamenepo, pomwe eni dera amawerenga oposa 30. Lipoti la Devlin linanena poyera kuti Nyasaland inali itasanduka dziko lolamulidwa ndi apolisi. Ngakhale zinali choncho, palibe amene anaimbidwa mlandu chifukwa cha imfa zimenezo, ndipo mabanja a ophedwawo akhala akupempha chipepeso ku boma la Britain mpaka m'zaka zathu zino. Dziko linali ndi High Court, majaji ovala mawigi ndi mabuku a malamulo, koma mlandu waukulu koposa wa m'boma la Nkhata Bay sunalowemo.

Loya woyamba

Mmodzi wa ogwidwa chaka chimenecho anali Orton Ching'oli Chirwa, mwana wa ku Nkhata Bay wobadwa mu 1919. Anaphunzira ku Fort Hare ku South Africa, anakhala mphunzitsi, kenako mu 1958 analandiridwa kukhala loya ku Lincoln's Inn, pafupi ndi nyumba yamiyala ija ya ku London. Anali munthu wakuda woyamba wa ku Nyasaland kufika pamenepo. Atamasulidwa anayambitsa Malawi Congress Party mu Seputembala 1959, nadzapereka utsogoleri kwa Dr Kamuzu Banda atatuluka m'ndende mu 1960. Mu 1962, iye ali mu unduna wa zachilungamo, lamulo latsopano linasintha makhoti a mafumu kukhala Local Courts, kuwachotsa m'manja mwa ma DC. Maganizo anali akuti malamulo a makolo akhale ndi malo ake olemekezeka m'dziko latsopano, moyendera ndondomeko yomveka.

Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964, Orton ali nduna ya zachilungamo. Patangopita miyezi iwiri nduna zinasemphana ndi Kamuzu, ndipo pakati pa ochotsedwa panali ana awiri a gombe limeneli, Orton Chirwa ndi Kanyama Chiume wa ku Usisya. Onse anathawira ku Tanzania. Mkazi wa Orton, Vera, anaphunzira zamalamulo ali kunja nakhala loya woyamba wamkazi wa ku Malawi.

Dzina la makolo, mtima wa ndale

Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ambiri anaphedwa usiku ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre. High Court itamasula ena mwa oganiziridwa chifukwa chosowa umboni, Kamuzu anakwiya nati malamulo a Azungu akuteteza zigawenga. Mu 1969 Nyumba ya Malamulo inapatsa makhoti otchedwa Traditional Courts mphamvu yoweruza milandu ikuluikulu, mpaka yachilango cha imfa. Kunakhazikitsidwa khoti lotere m'chigawo chilichonse, ndi lina la apilo pamwamba pake, lopanda njira yopitira ku High Court. Majaji anayi a ku Britain anatula pansi udindo. Ambiri mwa oweruza m'makhoti atsopanowa anali mafumu, osankhidwa ndi nduna ya zachilungamo, udindo umene kwa nthawi yaitali Kamuzu ankaugwira yekha. Maloya oimira woimbidwa mlandu sankaloledwa. Boma ndilo linkasankha khoti lokazengerako mlandu, ndipo milandu youkira boma inkapita kumeneko. Ngakhale nduna zake sizinapulumuke: Albert Muwalo anagamulidwa kumeneko mu 1977 nanyongedwa, Gwanda Chakuamba analandirako zaka 22 za m'ndende.

Pa 24 Disembala 1981 Orton ndi Vera Chirwa anagwidwa cha kumalire a Zambia kufupi ndi Chipata, iwo akunena kuti anachita kubedwa ali m'dziko la Zambia. Mlandu wawo woukira boma unayamba mu 1982 m'khoti la chigawo cha kummwera ku Soche, kufupi kwambiri ndi High Court ya ku Chichiri. Maloya awiri ophunzira ku London anadziimira okha, nakanizidwa kuitanitsa mboni zimene ankafuna. Mu Meyi 1983 anagamulidwa kuti aphedwe. Khoti la apilo la mtundu womwewo linavomereza chigamulocho mu 1984, ndipo maiko akunja atadandaula kwambiri Kamuzu anachisintha kukhala ndende moyo wonse. Anatsekeredwa ku Zomba m'zipinda zosiyana kwa zaka zambiri osaonana. Anakumana kamodzi mu Seputembala 1992 pamene gulu la maloya a ku Britain linaloledwa kuwazonda. Pa 20 Okutobala 1992 Orton anamwalira m'ndendemo ali ndi zaka 73, ndipo anaikidwa kwawo kwa Timbiri. Vera anamasulidwa mu Januwale 1993.

Amene amadziwa bwalo la pa mphala aona msanga chinyengo chimene chinalipo. Pa bwalo la makolo munthu ankabwera ndi omulankhulira, apa anakanizidwa. Pa bwalo la makolo aliyense wodziwa kanthu ankamvedwa, apa mboni zinatsekeredwa kunja. Pa bwalo la makolo mfumu inkalankhula pomaliza itamva anthu, apa wamphamvu anali atalankhula kale mlandu usanayambe. Makhotiwa anatenga dzina la makolo n'kutaya zabwino za makolo, anatenga ndende ndi chingwe kwa atsamunda n'kutaya loya ndi apilo.

Kuyambira 1993

Anthu atasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, makhoti a m'zigawo aja anaimitsidwa chaka chomwecho. Malamulo aakulu a dziko a 1994 anabwezera milandu yonse ikuluikulu ku High Court ndi Supreme Court of Appeal, natsimikiza kuti womangidwa afike kukhoti pasanathe maola 48, akhale ndi ufulu wa loya, ndipo mlandu wake uzengedwe m'chilankhulo chimene akumva kapena amumasulire. Mkulu wa majaji m'zaka zosinthazo, kuyambira 1992 mpaka 2002, anali Richard Banda, nayenso wa ku Nkhata Bay. Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo, atakhala ku Lilongwe, anathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019. Mlanduwo unkaulutsidwa pa wailesi kwa miyezi, ukumasuliridwa m'Chichewa, moti anthu m'misika, m'maminibasi ndi m'madoko a asodzi ankatsatira mafunso a maloya n'kumatsutsana okha za umboni. Kwa nthawi imeneyo khoti lalikulu linakhala lopanda khoma, ndipo chigamulo chake chinalemera chifukwa dziko lonse linamva mmene chinafikidwira.

Komabe mtunda udakalipo. Lero High Court imakhalanso ku Mzuzu, ndipo makhoti a majisitireti alipo pa boma la Nkhata Bay ndi ku Chintheche. Koma wa ku Usisya woitanidwa ngati mboni ayenera kudikira sitima ya Ilala kapena boti, apo ayi akwere msewu wa m'mapiri wolowera ku Mzuzu umene m'dzinja umavuta kwambiri. Akafika, mlandu n'kuimitsidwa mpaka tsiku lina, ndalama yaulendo yatha. Chilankhulo cha khoti ndi Chingerezi, ndipo mawu a mayi wolankhula Chitonga amafika kwa woweruza atadutsa pakamwa pa munthu wina. Lamulo la Local Courts la 2011, limene linkafuna kubwezeretsa makhoti ang'onoang'ono a milandu ya chikhalidwe, linavomerezedwa koma makhotiwo sanatsegulidwe. Choncho milandu yambiri ya malo, ya maukwati ndi ya maukonde imatherabe kwa anyakwawa ndi agulupu, kumene kuli pafupi koma zolembedwa n'zochepa ndipo wofooka alibe chitetezo chokwanira.

Nyumba imene tidzamange

Ku Johannesburg, mzinda umene amuna ambiri a ku Chintheche ndi Bandawe anathera unyamata wawo akugwira ntchito, kuli chitsanzo choyenera kuchiona. Constitutional Court ya South Africa inatsegulidwa mu 2004 pamalo a ndende yakale ya Old Fort, mmene anatsekeredwamo Mahatma Gandhi ndi Nelson Mandela. Njerwa za chipinda chosungiramo oyembekezera mlandu anazigumula n'kumangira khoma la m'khotimo. Omanga anatsata maganizo a chilungamo cha pansi pa mtengo: nsanamira za polowera ndi zopendekeka monga mitengo, kuwala kumalowa m'mipata ya denga monga kumachitira pakati pa masamba, dzina la khoti linalembedwa pakhomo m'zilankhulo 11 za dzikolo, ndipo m'chipinda choweruziramo muli zenera lalitali lopyapyala loonetsa miyendo ya anthu odutsa panja, kuti majaji asaiwale amene akuwatumikira.

Malawi akadzamanga nyumba yake yaikulu ya makhoti, ikhale yokongola ndi yolimba, popeza nthambi ya boma imene inateteza voti ya anthu mu 2020 ikuyenera ulemu umenewo. Koma mbiri ya gombe la Nkhata Bay ikutiuza zoyenera kufunsa mapulani asanavomerezedwe. Kodi munthu wosavala nsapato adzalowa mopanda mantha? Kodi mudzakhala malo okwanira abale operekeza, ndi omasulira odziwa bwino Chitonga, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe ndi Chisena? Kodi pakhoma padzalembedwa maina a amene anafa padoko mu 1959 ndi a amene anaweruzidwa popanda loya? Ndipo pa ndalama zomangira nyumbayo, zingati zidzatsala zoti majisitireti azikakhala ku Usisya pa masiku odziwika, ndi zoti makhoti ang'onoang'ono amene lamulo linalonjeza atsegulidwe? Makolo anatisiyira bwalo lapafupi, lapoyera, la m'chilankhulo chathu. Anthu onga Orton ndi Vera Chirwa anavutikira loya, umboni wolembedwa ndi woweruza wosaopa wolamula. Tili ndi ngongole kwa onsewo, ndipo tidzaibweza tikaika zonsezi pamodzi m'khoti lililonse, kuyambira lalikulu la dziko mpaka la kumudzi.